ZA ZITHUNZITHUNZI ZA OYERA ZIMENE ABAMBO OYAMBA ANADZA NAZO



Pa chaka cha chikondwerero chonga chino tinazolowera kuchula maina a Abambo amene anatsogola, ndi kuwerenga zaka zimene anaumba njerwa namanga matchalitchi. Nkoyenera kutero. Koma m'akatundu amene amtengatenga anasenza pokwera ku mapiri athu munalinso kanthu kena kopepuka, kamene mabuku a mbiri sakachula kawirikawiri: timapepala ta zithunzithunzi za Ambuye Yezu, za Maria Virgo ndi za Oyera. Ambiri a makolo athu m'chikhulupiriro anayamba kupenya kapepala kotere asanadziwe lemba ndi limodzi lomwe, ndipo chimene maso ao anatola pamenepo chinakhazikika mumtima kopambana mau oloweza a katekisimu. Nchifukwa chache tifunse: zithunzizo zinachokera kuti, anazipanga bwanji, zinafuna kunena chiani, ndipo anthu a kuno anamvapo chiani? Mafunso awiri otsirizawa yankho lao si limodzi ai.

Abambo atatu a Chipani cha Maria, amene timawacha Amontfort, ndiwo Pierre Bourget, Auguste Prezeau ndi Antoine Winnen, anafika ku Nzama, kwa mfumu Njobvuyalema, mu Julayi 1901. M'chaka cha 1903 Roma anapatula dera la Shire nalipereka m'manja mwao, ndipo chaka chomwecho anatsegula Nguludi. Asisteri a Nzeru anatsata mu 1904. Tsono mu 1906 anamanga misyoni ku Neno, dziko limene pambuyo pache linakhala m'boma la Mwanza mpaka pamene analigawa mu 2003. Ndipo misyoni ya ku Mwanza inadza m'nthawi ya Ambuye Episkopi Louis Auneau, amene anaweta dera lonseli zaka ngati makumi anai kuyambira 1910. Abambo amenewa anali a ku France ndi ku Holland, pamene Boma linali la Angerezi, ndipo Aprotestanti anali atakhazikika kale ku Blantyre chiyambire 1876. Tisunge ichi mumtima, pakuti chidzatithandiza patsogolo.

Komatu chithunzi cha Maria sichinayambe ndi iwo kulowa m'maiko a kuno. Njira imene itsika kuchokera ku Mwanza kudzera pa Zobue ifika ku Tete. Ndipo pa Tete pomwepo panapita, m'chaka cha 1560, wansembe wa Chijezwiti wa ku Portugal, Gonçalo da Silveira, alikukwera ndi mtsinje wa Zambezi kunka kwa mfumu yaikulu Mwene Mutapa. Anafika ku mzinda wa mfumu pa nyengo ya Krisimasi, namanga guwa m'nyumba imene anampatsa, naikapo chithunzi chopaka cha Maria. Nduna zina popita pakhomo zinasuzumira, ndipo zinakauza mfumu kuti mlendo uja ali ndi mkazi wokongola kopambana m'nyumba mwache. Mfumu inaitanitsa mkaziyo. Silveira anakulunga chithunzi m'nsalu yabwino, napita nacho, nafotokoza kuti ameneyu ndiye Amai a Mfumu ya mafumu onse; ndipo mfumu inapempha kuti chikhale m'nyumba yache yogona. Makalata a nthawi imeneyo asimba kuti usiku wotsatizana mfumuyo inalota mai wa pa chithunzi alikuyankhula nayo m'chinenero chimene sinachimve, ndipo wansembe anaiuza kuti chinenerocho amachimva obatizidwa okha. Mu Januwale 1561 mfumu inabatizidwa pamodzi ndi mai wache, nilandira dzina la Sebastião. Sipanapite miyezi iwiri, adani anamneneza wansembe kuti ndi kazitape ndi mfiti, ndipo mu Marichi anampotola khosi ndi chingwe usiku, nataya mtembo wache mumtsinje wa Musengezi.

Taonani m'nkhani imeneyi zinthu ziwiri zimene zinabwerezedwanso kuno patapita zaka 350. Choyamba, chithunzi chinalowa kumene mau sanathe kulowa. Chachiwiri, amene anachiona anachiwerenga monga mwa nzeru zao, osati za mwini wache. Ndipo Silveira mwini anasanduka chithunzi: m'buku lalikulu la Ajezwiti ofera chikhulupiriro limene Mathias Tanner anatulutsa ku Prague mu 1675 muli chozokota choonetsa imfa yache. 

Eklezia sanayambe wachita manyazi ndi zithunzi, ngakhale anakangana nazo kawirikawiri. Papa Gregorio Wamkulu, cha m'ma 600, anadzudzula Serenus, episkopi wa ku Marseille, amene anaphwanya zithunzi za m'tchalitchi mwache, namkumbutsa kuti chimene malemba achitira wodziwa kuwerenga, chithunzi chichitira wosadziwa. Msonkhano wachiwiri wa ku Nicea mu 787 unagamula kuti ulemu woperekedwa kwa chithunzi upitirira kunka kwa mwini nkhope. Ndipo msonkhano wa ku Trento unabwerezanso zomwezo mu Disembala 1563, nuonjezapo kuti m'chithunzi mulibe umulungu kapena mphamvu iri yonse yoti munthu aikepo chikhulupiriro chache. Mau otsirizawa akatekisti akale anawasowa tsiku ndi tsiku. Pafupi ndi Neno panali misyoni ya Adiventisti ku Matandani chiyambire 1908, ndipo m'dera lonse la Shire mphunzitsi wa Chikatolika anali kumva kawirikawiri kuti Aroma apembedza mafano. Mbali ina panali akatekumeni ache omwe, amene anafuna kumanga medali m'chiuno mwa mwana pamodzi ndi chithumwa. Anakhala pakati pa moto uwiri.

Chithunzi chopaka chonga cha Silveira chinali chimodzi chokha, ndi cha mtengo wapatali. Chimene chinachulukitsa nkhope za Oyera pa dziko lonse ndi luso la kuzokota pa mkuwa, limene likulu lache linali mzinda wa Antwerp. Kumeneko mu 1593 kunatuluka buku la Jerónimo Nadal, mnzache wa Inyasio wa ku Loyola Woyera, lokhala ndi zithunzi 153 za moyo wa Ambuye, zambiri mwa izo zozokotedwa ndi abale a banja la Wierix. Amisyoni anapita nalo ku Peru, ku China ndi ku Ethiopia, ndipo amisiri a kumeneko analitsanzira, yense monga mwa dzanja la kwao.

Tiyeni tilowe m'nyumba ya mmisiriyo pang'ono, pakuti amene sadziwa kapangidwe kache sangamvetse bwino mlandu umene udza pambuyo. Mmisiri atenga mkuwa wosulidwa phanthiphanthi ngati thabwa, naupukuta mpaka uwale ngati kalirole. Atenga kachitsulo kosongoka ka chigwiriro cha mtengo, nakakankha ndi chikhatho, kutema timizere pa mkuwapo. Akatha apaka inki ponseponse, napukutanso pamwamba mpaka pakhale mbee, inki nitsala m'timizere mokha. Amai akale amene anaona kutema mphini ndi kutikitamo mwaye adziwa kale nzeru imeneyi. Tsono afunditsapo pepala lonyowa, napitiriza zonse pakati pa zitsulo ziwiri zogubuduzika zimene zipanikiza kolimba, ndipo pepala limwa inki ya m'mizere. Zonse zituluka motembenuka, kwamanja kusanduka kwamanzere. Nchifukwa chache mmisiri ayenera kulemba maina chambuyo, ndipo akaiwala, Woyera adzadalitsa anthu ndi dzanja lamanzere. Mkuwa ndi wofewa, umatha msanga podinda. Koma cha m'ma 1820 anayamba kuzokota pa chitsulo cholimba, chimene chikhoza kudinda mapepala zikwi makumi ambiri chisanafufutike; ndipo mu 1837 Godefroy Engelmann analembetsa njira yache yodinda mitundu yambiri ndi miyala. Pamenepo chithunzi cha Woyera chinatsika mtengo, chinafika m'dzanja la wosauka.

Malonda amenewa anasonkhana ku Paris, m'misewu yozungulira tchalitchi cha Saint-Sulpice, pafupi ndi seminale imene Louis wa ku Montfort anaphunziramo unsembe zaka 150 m'mbuyomo. Nyumba zonga Bouasse-Lebel, imene inayamba mu 1845, ndi Letaille ndi Turgis zinadinda timapepala tosawerengeka, tina ta m'mphepete moboolaboola ngati nsalu ya lesi, pemphero liri kumbuyo. Kumapeto kwa zaka za 1800 nyumba ya Bonne Presse inatulutsa katekisimu wa zithunzi zazikulu zopachika pa khoma, amene amisyoni olankhula Chifransa ananyamula kunka naye ku maiko ambiri. Zithunzi za mtundu umenewu ndizo Abambo athu anakula nazo kwao, nazo anadza kuno. Zinali mphoto ya mwana wokhoza katekisimu, chikumbutso cha tsiku la Ukaristia woyamba, chizindikiro chosungira tsamba m'buku la mapemphero.

Tsono zinanena chiani? Mmisiri wa ku Paris sanaone Petulo kapena Paulo ai, ndipo nkhope zimene anazokota zifanana zonse, monga ana a bere limodzi. Woyera sadziwika ndi nkhope, koma ndi chimene agwira. Petulo agwira mafungulo, chifukwa cha mau amene Ambuye anamuuza ku Kesareya wa Filipo. Paulo, nkhoswe ya parishi ya ku Mwanza, agwira buku ndi lupanga: buku chifukwa cha makalata ache, lupanga chifukwa ndi ilo anamdula mutu ku Roma. Mngoni wa nthawi ija, woleredwa pakati pa nthungo ndi zishango, akanatha kuyesa kuti ameneyu ndi ngwazi ya nkhondo. Katekisti anayenera kumasulira kuti m'zithunzi zimenezi munthu anyamula chida chimene chinamupha iye, osati chimene iye anaphera ena. Momwemonso Katarina aimirira pambali pa gudumu la mipeni, Laurenti agwira chitsulo chimene anamuwambapo, Stefano ali ndi miyala. Nthambi ya kanjedza m'dzanja inena kuti munthuyu anafera chikhulupiriro. Duwa loyera la Yosefe linena moyo wosadetsedwa. Anyezi afukata kamwana ka nkhosa, pakuti dzina lache limveka ngati mau a Chilatini onena nkhosa. Ngakhale nkhata ya kuwala ya pamutu inali ndi lamulo lache: Papa Urbano VIII analetsa mu 1625 kuika kuwala pamutu pa munthu amene Eklezia sanamvomereze. Mwa ichi Silveira uja, amene kufikira lero sanalembedwe m'gulu la Oyera, alibe nkhata.

Izi sizinali zachabe kwa mkristu watsopano, chifukwa pa ubatizo analandira dzina la Woyera, namuuza kuti ameneyo ndiye nkhoswe yache. Mau akuti nkhoswe ndi olemera kwa ife. Nkhoswe ndi munthu amene umdziwa kwao, amene aimirira pa ukwati wako, amene akuyankhulira pa mlandu. Munthu wochedwa Antonio kapena Sesiliya analibe pena poonera nkhoswe yacheyo koma pa kapepala kaja.

Pa za Louis wa ku Montfort, tate wa Abambo athu, zizindikiro zache zichokera m'moyo wache weniweni. Anabadwa mu 1673, namwalira pa 28 Epulo 1716 ku Saint-Laurent-sur-Sèvre ali ndi zaka 43, pakati pa ntchito yolalika. Mtanda umene agwira ukumbutsa uja Papa Klementi XI anamdalitsira mu 1706, umene anaumangirira pa ndodo yache ya paulendo. Korona ndi kafanizo ka Maria sanasiyane nazo kufikira pa mphasa ya imfa. Pamene Abambo anafika ku Nzama iye anali akali Wodala, pakuti Papa Leo XIII anamcha Wodala mu 1888, ndipo Papa Pio XII anamlemba m'gulu la Oyera pa 20 Julayi 1947. Chotero wakupeza kapepala kakale angathe kudziwa msinkhu wache poyang'ana ngati pansi palembedwa Wodala kapena Woyera.

Za Tereza wa Mwana Yezu pali kanthu kodabwitsa. Anamwalira mu 1897, nalembedwa m'gulu la Oyera mu 1925, nakhala nkhoswe ya misyoni zonse pamodzi ndi Fransisko Saveriyo mu 1927. Iyeyu anajambulidwa ndi kamera ali moyo. Koma nkhope imene inafalikira pa dziko lonse, ya namwali wofukata mtanda ndi maluwa a rozi, ndi imene mkulu wache Céline anailemba ndi dzanja mu 1912, naisalaza monga mwa kukonda kwa anthu a nthawi imeneyo. Pamene zithunzi zenizeni zinasindikizidwa mu 1961 osazikonza, anthu anaona nkhope yolimba, ya maso otopa, ya munthu amene anamenya nkhondo. Ine ndiyesa yachiwiriyi iphunzitsa zambiri kopambana yoyamba.

Zizindikiro zina zinalowa mosabvuta. Mtima Woyera wa Yezu, umene kupembedza kwache kunakula ndi Margarita Maria Alacoque ku Paray-le-Monial m'zaka za 1673 mpaka 1675, sunasowe womasulira wambiri, pakuti m'chinenero chathu zonse zikhala mumtima: kukoma mtima, kuuma mtima, kupsa mtima, kusweka mtima. Mtima woyaka moto, womangidwa ndi minga, wolasidwa, unali mau a kwathu olembedwa m'chithunzi. Papa Leo XIII anapereka anthu onse kwa Mtima umenewu mu Juni 1899, zaka ziwiri zokha Nzama isanayambe, ndipo mwambo woukhazika m'nyumba monga mfumu ya banja unafalikira pambuyo pa 1907. Apa tikumbukire chija tinasunga. Ku boma kunapachikidwa chithunzi cha mfumu ya ku England, imene anthu anaikhomera msonkho wa nyumba. M'nyumba ya mkristu munapachikidwa Mfumu ina, yovala chisoti cha minga, yodindidwa ku France. Ndipo mu 1925 Papa Pio XI anaikira Kristu Mfumu chaka chache. Abambo sanaphunzitse kugalukira Boma ai. Pa nkhondo ya John Chilembwe mu Januwale 1915 misyoni ya Nguludi inatenthedwa monga malo a Azungu anzao. Komabe kapepala ka pa khomako kananena tsiku ndi tsiku kuti ufumu wa ku Zomba suli wotsiriza.

Zizindikiro zina zinakomana ndi nzeru za makolo zimene mmisiri wa ku Paris sanazilote. Tatengani medali ya Maria, imene inasulidwa poyamba mu 1832 monga mwa zimene Katarina Labouré anaona ku Rue du Bac mu 1830. Maria aimirira pa dziko, kuwala kutuluka m'manja mwache, ndipo phazi lache liponda mutu wa njoka. Kumbuyo kuli lemba M ndi mtanda, mitima iwiri, ndi nyenyezi 12. Njokayo ndi ya m'mutu wachitatu wa Genesis, nyenyezi ndi za m'mutu 12 wa Chibvumbulutso. Kwa Mfransa njoka ndi Satana, palibenso china. Koma kwa Amaravi njoka ina inali yolemekezeka. Ku kachisi wa ku Msinja, kwa Makewana, Thunga anali njoka ya Chauta yokhudzana ndi mvula. Ndipo ku Khulubvi, ku Nsanje, Amang'anja anati Mbona adza kwa mkazi wache Salima m'thupi la nsato. Mai woponda njoka anali kunena mau akulu pakati pa anthu otere, akulu kopambana amene wansembe womgawira medali anayesa. Anali Bambo wa Chimontfort yemwe, Matthew Schoffeleers, amene pambuyo pache anakhala zaka zambiri kuphunzira za Mbona, nalemba mbiri yache m'buku limene linatuluka mu 1992.

Tsono tifike pa mlandu weniweni, ndiwo wa kuyera ndi kuda. Kumbukirani kapangidwe kaja. Pa chithunzi chozokota kuwala ndiko pepala losakhudzidwa, ndipo mdima ndiwo mizere yambiri yopingasana. Nkhope ya Woyera mmisiri anaisiya pafupifupi yosatema, kuti iwale. Chimene anafuna kuti chiopse anachitema kolimba kuti chide. Chotero Mikaeli mngelo aturuka mbee, ndipo Satana wa pansi pa mapazi ache aturuka bii. Ku Ulaya munthu sanaganizepo kawiri. Koma ikani kapepala komweko m'dzanja la mwana wa kwa Kanduku kapena kwa Nthache, amene m'chinenero chache mau amodzi omwewo akuti "woyera" anena wopatulika, anena wosamba, anenanso wa khungu lotuwa. Amuuza kuti awa ndi Oyera. Apenya, naona kuti inde ndi oyera, monga Bambo wa ku misyoni ndi bwana wa ku boma. Ayang'ana pansi pa chithunzi, napeza mmodzi yekha wofanana naye khungu. Palibe katekisimu amene anaphunzitsa chotero, ndipo Abambo akanakana ndi mtima wonse. Koma maso aphunzira okha, osapempha chilolezo.

Ndipo kuda kwa makolo athu sikunali chizindikiro cha choipa chokha ai. Mtambo wa mvula ndi wakuda. Ku makachisi a mvula anapereka nsalu yakuda ndi chiweto chakuda, popempha kuti kumwamba kude. Ufa woyera unali wa nsembe ya mizimu, koma moyo wa chaka chonse unali m'mtambo wa bii.

Pamene munthu wakuda anaoneka m'zithunzi zimenezi wosakhala Satana, kawirikawiri anaoneka wogwada. Petulo Claver, amene anatumikira akapolo ku Cartagena, analembedwa m'gulu la Oyera mu 1888, ndipo mu 1896 Papa anamuika nkhoswe ya misyoni za pakati pa anthu akuda. Anali munthu wa chifundo chosaneneka, sitimchepsa. Koma pa chithunzi iye aimirira wobvala, ali ndi dzina. Amene awabatiza agwada pa mapazi ache, maunyolo ali pansi, opanda dzina ndi mmodzi yemwe. Zithunzi zotere zinadindidwa makamaka chifukwa cha Akristu a ku Ulaya, kuti atsegule matumba ao. Ndipo ndalama zimenezo zinamangadi masukulu ndi zipatala zimene ife tinapindula nazo. Chobvuta nchakuti timapepala tomweto tinaolokanso nyanja, tinafika kwa adzukulu a ogwadawo. Anthu akuda Oyera analipo kale, monga Benedikto wa ku Palermo, mwana wa akapolo a ku Afrika, amene analembedwa mu 1807. Koma masitolo a ku Saint-Sulpice sanamdinde kwambiri.

Anthu a kuno sanangolandira chete ai, anayankha ndi luso lao. M'zaka zimene misyoni ndi nyau zinalimbana koopsa, makamaka m'ma 1920, m'mabwalo a gule munabvinidwa zilombo zonga Maliya, wa nkhope yosalala yofiirira ndi mpango kumutu, ndi Simoni, wa nkhope yofiira ngati Mzungu wopsa ndi dzuwa. Abambo anaona mwano, ndipo mwano unalimodi. Koma tiyeneranso kubvomera kuti osema nyauwo anapenyetsetsa zithunzi ndi zifanizo za ku misyoni kopambana ambiri a ife, natchula poyera chimene akatekumeni anaopa kunena, kuti Oyera amenewa ali ndi nkhope za alendo.

Kusintha kunadza pang'onopang'ono, ndipo kunayamba ndi mwazi wa ku Uganda. Karolo Lwanga ndi anzache anatenthedwa ku Namugongo pa 3 Juni 1886. Pamene Papa Benedikto XV anacha ofera 22 a kumeneko Odala pa 6 Juni 1920, amisiri a zithunzi anakakamizika kuchita chimene sanazolowere: kuzokota nkhope yakuda ndi kuwala kuzungulira mutu wache, kanjedza ali m'dzanja, munthu ali chiriri. Papa yemweyo anali atalemba mu 1919 kuchenjeza amisyoni kuti asakhale atumiki a dziko la kwao, ndi kuwalamula kulera ansembe a m'dziko. Cornelio Chitsulo anadzozedwa unsembe mu 1937, woyamba wa dziko lino, nakhala episkopi wa ku Dedza patapita zaka makumi awiri. Martino de Porres analembedwa m'gulu la Oyera mu 1962, ofera a ku Uganda pa 18 Okutobala 1964, chaka chomwe dziko lathu linalandira ufulu. Ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni ku Mua, kumene amisiri a kuno anasema Maria wobereka Mwana kumbuyo ndi Kristu wa nkhope ya Mchewa, m'mitengo ya m'nkhalango zathu. Ku Mua komweko, kumene mkangano wa nyau unali wowawa kopambana, nyau za Maliya ndi Simoni zinapeza malo m'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare.

Timapepala takale tija tatsala towerengeka. Chiswe, utsi wa m'nyumba ndi chinyontho cha dzinja zinadya tambiri, ndipo tina tinapita kumanda m'manja mwa eni ache. Totsalato tipezeka m'mabuku a mapemphero a agogo, ndi m'mabokosi a akatekisti opuma. Wofuna kudziwa ngati kache ndi kozokota akayang'ane pa dzuwa la m'mawa, atakapendeka: adzaona kuti mthunzi wonse, ngakhale wa pa tsaya, wapangidwa ndi timizere ndi timadontho tolekana, ndipo inki yache iri yotukuka pang'ono, yomveka ku nsonga ya chala. Ka masiku ano, kodindidwa ndi makina atsopano, madontho ache andanda molingana ngati maso a sefa. Pansi penipeni pa chithunzi, m'malemba aang'ono koposa, pamakhala dzina la nyumba imene inadinda, ndi mzinda wache, ndi nambala ya thabwa limene anadindira.